Mfuti ikaloza, Yesu waima mbali iti?

M'chaka cha 1962, mnyamata wa zaka 22 wa ku Cape Town, Ronald Harrison, anajambula Yesu ali pamtanda. Nkhope anaikapo ya Albert Luthuli, mtsogoleri wa ANC amene anali atangolandira kumene mphoto ya Nobel. Asilikali awiri achiroma anawapatsa nkhope za Hendrik Verwoerd, nduna yaikulu ya boma la tsankho, ndi John Vorster, nduna yake yoona za chilungamo. Chithunzicho, The Black Christ, chitangoonetsedwa m'tchalitchi cha St Luke's ku Salt River, boma linachiletsa, ati chikunyoza chipembedzo. Harrison anamangidwa ndi kuzunzidwa m'manja mwa apolisi. Chithunzi chinazembetsedwa kupita ku Britain, n'kubwerako mu 1997. Boma limene linkadera nkhawa ulemu wa Yesuli ndi lomwe lija apolisi ake anapha anthu 69 ku Sharpeville zaka ziwiri zokha m'mbuyomo.

Mlandu wa mwano sunathere pomwepo, ndipo suona khungu. Mu December 2023, nkhondo ya ku Gaza ili mkati, tchalitchi cha Lutheran ku Bethlehem, cha abusa Munther Isaac, chinakonza khola la Khrisimasi lachilendo: mwana Yesu atakulungidwa m'nsalu ya Chipalestina, atagonekedwa pa mulu wa zigumukire za nyumba. Chithunzi chake chinazungulira pa WhatsApp mpaka kufika m'magulu athu a mipingo kuno ku Johannesburg. Mkulu wampingo wina anangolemba kuti, "Abale, Ambuye tisawalowetse m'ndale." Mayi wina wa mvano anati, "Mwana wa Mulungu n'kumugoneka pa njerwa zosweka? Ayi ndithu, zimenezi n'zosayenera." Ndimawalemekeza makolo amenewa, koma pa nkhaniyi sindigwirizana nawo. Wojambula akaika Yesu pakati pa utsi ndi magazi sanalakwe kanthu. Funso loyenera kufunsa pa chithunzi chilichonse cha nkhondo ndi limodzi: kodi Yesuyo amuimika kumene mfuti yaloza, kapena kumbuyo kwa woigwira?

Lowani m'zipinda zathu za lendi ku Rosettenville, ku Turffontein kapena ku Yeoville. Pakhoma mupeza kalendala ya chaka chatha imene mwini wake akuopa kuitaya. Pali Yesu wa tsitsi losalala, mkanjo woyera mbee wopanda ngakhale kafumbi, kankhosa pamanja. Palibe amene amati umenewu ndi mwano. Komatu munthu amene Uthenga Wabwino umamufotokoza anathawa asilikali a Herode akadali wakhanda, anakulira m'dziko lodzadza ndi asilikali achilendo, ndipo anaphedwa ndi asilikali omwewo, poyera, atamuvula zovala. Ngati pali chithunzi chimene chasiyana ndi Malemba, ndi cha pa kalendalacho.

Chithunzi chimene ndimafuna Mkhristu aliyense atachiyang'anitsitsa ndi cha Francisco Goya, The Third of May 1808, chimene anajambula mu 1814 ndipo chili ku Prado ku Madrid. Pa 2 May 1808 anthu a mu Madrid anaukira asilikali a Napoleon. Usiku wake mpaka m'bandakucha, Afalansa anasonkhanitsa amene anawagwira n'kumawaombera. Goya anajambula mphindi imene mfuti zatsala pang'ono kulira. Kumanja kuli mzere wa asilikali, onse atifulatira, nkhope zawo sitiziona. Pansi pali nyali yaikulu ya makona anayi, yawo yomwe, yowathandiza kuti asaphonye. Kuwala kwake kwagwera pa munthu mmodzi wovala malaya oyera ndi buluku lachikasu, wogwada, manja atatambasula m'mwamba. Mukayandikira, pachikhatho cha dzanja lake lamanja pali kachipsera ngati ka msomali. Patsogolo pake pagona amene aomberedwa kale, magazi ali chuu pa dothi. Pambali pake pali mmonke wometa chipewa pamutu, akupemphera, nayenso akudikira chipolopolo chake. Kumbuyo, mumdima, kukuoneka nsanja ya nyumba yonga tchalitchi, ndipo kumeneko sikukuchokera kuwala kulikonse.

Chimene chimandigwira mtima ndi maso a munthu wa malaya oyerayo. Ali tong'o, ndi mantha enieni. Goya sanamupatse nkhope yofatsa ya oyera mtima a pa mawindo a tchalitchi, amene amafa akuyang'ana kumwamba angelo akuwatsitsira nkhata. Ndi munthu wamba, wa khungu lopsa ndi dzuwa, amene dzina lake palibe analilemba. Kachipsera kaja sikakunena kuti imfa yake ndi yokoma. Kakunena kuti oomberawo akuombera munthu amene sakumudziwa kuti ndi ndani. Ndi Mateyu 25 ameneyo, pamene Ambuye akuti chimene mwachitira mmodzi wa ang'onoang'ono awa mwachitira Ine, kungoti apa walalikidwa ndi penti.

Patapita zaka zoposa 100, kunabwera nkhondo imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mjeremani wina, Otto Dix, anapita yekha kukalembetsa usilikali, n'kukhala zaka m'maenje a nkhondo akuomba mfuti ya chiwaya. Pakati pa 1929 ndi 1932 anajambula Der Krieg, chimene chili ku Dresden. Yesu mulibemo m'chithunzichi. Chimene Dix anabwereka ku tchalitchi ndi kapangidwe: matabwa atatu oimirira ndi limodzi lopingasa pansi, monga zithunzi zoika pa guwa. Kumanzere asilikali akunyamuka mu nkhungu ya m'mawa, zikwama kumsana. Pakati, pamene Mkhristu amayembekeza kuona mtanda, pali dzenje lophulitsidwa: mafupa a munthu akolekeka pa chitsulo, chala chikuloza pansi, mtembo wina wazondoka, miyendo m'mwamba, yobookabooka, msilikali mmodzi yekha wamoyo wavala chophimba kumaso chotetezera mpweya wa poizoni, ndipo sakuonekanso ngati munthu. Kumanja Dix anadzijambula yekha akukoka mnzake wovulala. Pa thabwa la pansi, pamene pamagona Yesu m'manda, agona asilikali, ndipo simungadziwe ngati ali m'tulo kapena afa. Gawo la kuuka kwa akufa analisiya dala. Chipani cha Nazi chitalowa m'boma mu 1933, Dix anachotsedwa ntchito yophunzitsa.

Dix anaphunzira izi kwa Matthias Grünewald, amene zaka 400 m'mbuyomo anajambulira chipatala cha amonke ku Isenheim Yesu wa thupi la zilonda zokhazokha, kuti odwala nthenda yowononga khungu akamuyang'ana adzione okha. Amayi opeta nsalu a ku Hamburg, ku Eastern Cape kuno, anabwerekanso chithunzi chomwecho mu 2005 popanga Keiskamma Altarpiece, pa nthawi imene Edzi inkasesa mudzi wawo. Choncho luso limeneli si la azungu okha.

Mnzake wa Dix, George Grosz, anachita kulunjika. Mu 1928 anajambula Yesu pamtanda atavala chophimba kumaso cha asilikali ndi majombo, pansi n'kulembapo mawu olamula kuti atseke pakamwa apitirize kutumikira. Anamutengera ku khoti pa mlandu wonyoza Mulungu, mlandu unayenda zaka, pamapeto pake anapezeka wosalakwa. Grosz ankanyoza ndani? Ankanyoza alaliki amene kwa zaka zinayi anauza anyamata kuti Mulungu akufuna akaphe, m'dziko limene lamba wa msilikali anali ndi mawu akuti Mulungu ali nafe. Yesu anamutseka pakamwa ndi iwowo. Grosz anangojambula zimene anachita.

Apa m'pamene pali mwano weniweni, ndipo kawirikawiri umabwera utavala bwino. Pa Khrisimasi ya 1914 magazini ya ku London, The Graphic, inagawira owerenga ake chithunzi cha James Clark, The Great Sacrifice. Msilikali wachinyamata wa Britain wagona pansi pa mtanda, yunifomu yoyera bwino, kabala kakang'ono m'mutu, dzanja lake lakhudza phazi la Yesu, ndipo Yesuyo akumuyang'ana mwachifundo. Chinapachikidwa m'matchalitchi, m'sukulu ndi m'nyumba za ofedwa. Sindikunyoza mayi amene anatonthozedwa nacho. Koma mtembo umenewo ndi wokonzedwa ngati wa ku mochale, wosambitsidwa ndi kudzozedwa kuti abale aone nkhope osakomoka. Munthu wophulitsidwa ndi bomba saoneka choncho. Ndipo uthenga wake kwa mng'ono wa womwalirayo unali woti nawe pita, imfa imeneyi ndi yofanana ndi ya Ambuye. Yesu pa chithunzichi akuoneka ngati ali ndi wophedwa, koma ntchito imene wapatsidwa ndi yolemba asilikali atsopano.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho, mbusa wa ku Chiradzulu, John Chilembwe, anali atalemba kale yankho lake. Nkhondo ya ku Karonga itachitika mu September 1914, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene anthu akuda osauka, opanda kanthu m'dziko lawo lomwe, akuitanidwira kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Zimene ankaopa zinadzachitikadi iye atafa kale, ndipo Clark sanazijambule: atengatenga athu, zikwi zambirimbiri, osenza katundu wa asilikali mpaka ku Tanganyika, ofa ndi njala ndi kamwazi m'njira. Amenewo palibe anawagoneka pansi pa mtanda pa chithunzi chilichonse cha m'magazini. Chilembwe anaphedwa mu February 1915, tchalitchi chake cha Providence Industrial Mission boma n'kuchigumula.

Matenda omwewo sitisowa kukawafuna kutali. Ku Pretoria kuli Voortrekker Monument, yotsegulidwa mu 1949, yomangidwa mwa luso loti pa 16 December paliponse, 12 koloko masana, kuwala kwa dzuwa kugwere pa mwala wapakati, kukumbutsa lumbiro la 1838 lakuti Mulungu akawapatsa chipambano pa Azulu adzam'mangira tchalitchi. Ku Russia, mu 2020 anatsegula tchalitchi chachikulu cha asilikali kufupi ndi Moscow, makoma ake odzadza oyera mtima ataima pamodzi ndi magulu a nkhondo. Ku Ukraine, mu 2022 kunatchuka Saint Javelin, chithunzi cha mayi wovala ngati Maria atafungatira mzinga wophulitsira akasinja pamene pamakhala mwana. Ndikumvetsa mkwiyo wa anthu olowereredwa m'dziko lawo, koma Maria wonyamula mzinga sindingamuvomere, kaya wajambula ndi wolakwiridwa. M'dziko lomwelo la Ukraine, Sofia Atlantova ndi Oleksandr Klymenko amatenga matabwa a mabokosi a zipolopolo ochokera ku nkhondo n'kujambulapo Maria ndi mwana wake monga mwa mwambo wa tchalitchi chawo, ndalama zake n'kuthandizira chipatala choyenda. Nkhondo imodzi, chikhulupiriro chimodzi. Mmodzi wachotsa mwana m'manja mwa mayi n'kuikamo chida. Awiriwa achotsa zipolopolo m'bokosi n'kuikamo mwana.

Abale athu a CCAP, a Seventh-day ndi ena anena kuti nkhani yonseyi yayambira polakwika, chifukwa Eksodo 20 amaletsa mafano. Amene amasunga lamulolo mpaka kukana ndi kalendala yomwe, ndilibe nawo mkangano. Koma chithunzi cha Goya palibe amachigwadira, ndipo munthu sangasunge Yesu wa kankhosa pamwamba pa wailesi yakanema n'kukumbukira Eksodo pokhapokha Yesuyo akada kapena akagona pa njerwa.

Chitsutso chimene chimandivuta ine ndi china. Ukajambula wophedwa ngati Khristu, umafuna kuti akhale wopanda banga, pamene ophedwa enieni ena anali zidakwa, ena ankamenya akazi awo, ena dzulo lake anagwira mfuti. Kodi amenewo magazi awo ndi otsika mtengo? Komanso si onse ophedwa amene ndi Akhristu. Anzathu Achisilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga, amene timagwira nawo ntchito ku Fordsburg ndi ku Mayfair, amalemekeza Isa ngati mneneri koma savomera kuti anapachikidwa. Kumujambula mmodzi wa iwo pamtanda kungakhale kumubatiza atafa kale, iye osafunsidwa.

Amene anapeza njira pa vutoli ndi Myuda, Marc Chagall. Mu 1938, chaka chimene masunagoge anatenthedwa mu Germany monse usiku wa pa 9 November, anajambula White Crucifixion, chimene chili ku Art Institute of Chicago. Yesu wake m'chiuno wamanga nsalu yopempherera ya Chiyuda, kumutu kansalu m'malo mwa chisoti cha minga, kumapazi choikapo nyali cha ku sunagoge. Momuzungulira, sunagoge akuyaka, nyumba za m'mudzi zagadabuzika, bwato ladzadza othawa, bambo wina wafungatira mpukutu wa Malemba, mayi akuthawa ndi khanda. Chagall sanasandutse Ayuda kukhala Akhristu. Anabweza Yesu kwa abale ake n'kutembenukira kwa Akhristu a ku Ulaya kuwafunsa kuti, amene mumam'pembedza Lamulungu uja si uyu mukumuotchera nyumbayu? Chithunzi chotere sichikometsera wophedwa. Chimazenga mlandu woonera. Papa Francis ankachitchula kuti ndi chimodzi mwa zithunzi zimene ankazikonda kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chakuti chimaluma mpingo wake womwe.

Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye amene ali ndi Loweruka lopuma akwere taxi pa Bree apite ku Regina Mundi ku Rockville, Soweto. Muli chithunzi cha Larry Scully cha 1973, Maria wakuda ndi mwana wake wakuda. Pamene chinkajambulidwa chinali chopezera ndalama za maphunziro a ana akuda. Patatha zaka zitatu, mu June 1976, ana asukulu othawa apolisi anathamangira m'tchalitchimo, apolisi n'kuwalondola momwemo ndi utsi wokhetsa misozi ndi zipolopolo. Mabowo a zipolopolo akadalipo, ngodya ya guwa la mwala inasweka, ndipo chiboliboli cha Yesu chilibe manja. Mpingo unachita bwino osamata zonsezo. Maria wa Scully sanajambulidwe ngati chithunzi cha nkhondo, koma nkhondo inam'peza pakhoma pomwepo, ndipo lero simungamuyang'ane osaona mabowo aja.

Mukachoka pamenepo, Orlando West si patali. Chithunzi chimene Sam Nzima anatola ndi kamera pa 16 June 1976, cha Hector Pieterson wa zaka 12 atanyamulidwa, mlongo wake Antoinette akuthamanga pambali dzanja lili m'mwamba, anthu ambiri amachifanizira ndi Maria atanyamula mtembo wa Yesu. Kufananako kulipo, ndipo kunathandiza kuti dziko lonse lichimvetse msanga. Koma apa m'pamene tiyenera kusamala. Wonyamulayo si Maria. Ndi Mbuyisa Makhubo, mnyamata wa zaka 18 wovala ovolosi, amene apolisi anamusakasaka mpaka anathawa m'dziko, n'kukafika ku Nigeria, ndipo kuyambira 1978 abale ake sanalandirenso kalata yake. Chithunzi chikayera kwambiri m'maso mwathu, timayamba kuchiyatsira makandulo n'kuiwala kufunsa kuti mnyamata uja anapita kuti, ndipo anaombera ndani. Chizindikiro cha chikhulupiriro chizititsegula maso pa munthu weniweniyo, chisamuphimbe.

Nanga ife Amalawi? Timakonda kunena kuti ndife dziko la mtendere, nkhondo siimanga mudzi, ngati kuti sitinaione. Pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo tinasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Asilikali athu analondera njanji ya ku Nacala. Mu November 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni ku Congo. Anzathu a ku Mozambique, mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, anachitapo kanthu: Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican anayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, potsata Yesaya 2, amisiri n'kudula mfutizo kuwotcherera zinthu zooneka ndi maso. Mpando wopangidwa ndi mfuti zokhazokha uli ku British Museum. Ife luso tili nalo. Ku Mua, KuNgoni Centre imene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976 yaphunzitsa osema ndi ojambula amene Yesu wawo ndi wakuda kalekale, wobadwira m'mudzi wa Chichewa. Chikusowa ndi mpingo wolimba mtima wowatuma kuti am'tengere Yesuyo kumene kunalira mfuti.

Ndipo ndalama si vuto lenileni. Mipingo yathu kuno imasonkha ya masipika, ya yunifomu, ya chinsalu chachikulu cha msonkhano wa Pasaka chokhala ndi nkhope za abusa ndi mayi busa. Anyamata athu ojambula alipo, akulemba zikwangwani za masaluni ndi za malo ometera. Mpingo umodzi utamutuma mmodzi wa iwo kujambula Njira ya Mtanda yathuyathu, nkhani zoti ajambule sizingasowe. Simoni wa ku Kurene, amene anali wa mu Africa muno ndipo asilikali anam'kakamiza kusenza katundu amene sanali wake, ndi mtengatenga wa 1916 ndendende. Ulendo wothawira ku Igupto ndi mayi wa ku Mutarara akulowa ku Marka, mwana kumsana, mtolo pamutu.

Povuta padzakhala pojambula asilikali. Goya anawafulatitsa, Harrison anawatembenuza n'kuwapatsa nkhope zodziwika, ndipo analipira ndi thupi lake. Wojambula wathu akadzafika pa 3 March 1959, pa doko la Nkhata Bay, adzayenera kusankha, chifukwa amene anaombera khamu lija anali asilikali akuda a King's African Rifles, olamulidwa ndi azungu. Akadzafika pa 20 July 2011, tsiku limene apolisi a ku Malawi anaombera anthu ochita zionetsero, mzungu sadzam'peza n'komwe. Komiti ya mpingo idzakangana pa chithunzi chimenecho, ena adzati ndi ndale, ena adzati ndi mwano, ndipo n'kutheka kuti wokwiya kwambiri adzakhala munthu amene agogo ake anali mu mzere wa ogwira mfutiwo. Akangane ndithu, koma chithunzicho achipachike kutsogolo, pafupi ndi gome la Mgonero, osati ku khonde.